Malo a Eneresi m'Nyimbo ya Pamtondo

Amene amati mizimu imangokhala kumanda ndi m'mitengo ikuluikulu, ameneyo sanagwirepo ntchito m'laibulale. Mukamufunse Mwandida Katsekera akakuuzani, ngakhale kuti masiku ano amayamba waseka kaye asanayankhe.

Mwandida anali mtsikana wa ku Ndirande, wophunzira pa yunivesite za kasungidwe ka mabuku ndi zinthu zakale. Kafukufuku wake anali wa mawu a anthu: momwe tingapulumutsire nyimbo ndi nkhani zimene zinajambulidwa pa makaseti kalekale, makasetiwo asanawole. Aphunzitsi ake anamutumiza ku kalaibulale kena ka pa mishoni yakale m'mapiri a ku Dedza. Kumeneko kunali makatoni a makaseti amene mkulu wina wofufuza za nyimbo anasiya m'zaka za m'ma 1970, osabweranso kudzawazonda.

Woyang'anira laibulaleyo anali bambo Ziyaya, munthu wamtali wa jekete limodzi dzinja ndi chilimwe, mkulu wa mpingo amene nkhani za mizimu yoyendayenda sankafuna n'kuzimva komwe. Tsiku loyamba anamulowetsa Mwandida m'kachipinda ka kumbuyo konunkha chinyezi, n'kumupatsa lamulo la panyumbapo.

"Mwana wanga, makaseti awa ndi aakulu kwa iwe, ndipo chinyezi chawadya. Iliyonse uilize kamodzi kokha, uijambule m'kompyuta yakoyo, basi. Ukati ubwereze tepi imaduka, ndipo ikaduka, munthu ali m'menemoyo wapita. Kulibe kwina kumene angakapezekenso. China, palibe kaseti imene imatuluka pakhomo lino."

Mwandida anavomera, ntchito n'kuyamba. Ankamva madoda akufotokoza za ulendo wa ku Joni, anamwali akuyimba za chinamwali, ana akuseka maikolofoni. Ambiri mwa anthuwo anatsikira kulichete kalekale, koma m'mahedifoni ake ankatsokomola ndi kuseka ngati ali kuseri kwa chitseko. Ankaikonda ntchitoyo, ndipo ankaigwira mosamala.

Tsiku lina masana anatola kaseti yolembedwa mawu ochepa: mayi wina, nyimbo ya pamtondo, kwa Sankhulani. Ataiika, munamveka munsi ukugwa mumtondo, gu! Kenako mawu a mzimayi, oonda koma omveka bwino:

"Dzuwa lapendeka pa phiri."

Apo panadutsa kanthawi kopanda mawu, kopanda munsi. Kenako gu!

"Nkhuku zatha gaga pabwalo."

Zii kachiwiri. Gu!

"Munsi walemera m'manja mwanga."

Nyimbo yonse inali choncho, mizere itatu yomweyo kuibwereza, ndipo pakati pa mzere ndi mzere panali zii. Kaseti itatha, Mwandida anapeza tifumbi tofiira pa makina olizira. Anaitana bambo Ziyaya, iwo n'kupukusa mutu.

"Imeneyi ikusupuka. Wachita mwayi kuti yafika kumapeto. Usaigwirenso."

Tsono apa m'pamene Mwandida anapalamula. Mwana wa m'tauni, ufa ankaudziwira kuchigayo, munsi sanaugwirepo chibadwire. Atamva mipata ija anangoti mayiyu amaiwala mawu, kapena amapuma chifukwa cha kutopa. Anatsegula pulogalamu yake yokonzera mawu, n'kuyamba kudula mpata uliwonse, kuti nyimbo imveke yosalala akamakaionetsa kwa aphunzitsi ake. Ali mkati magetsi anathima, batire la laputopu lili kumapeto, malo osungira nawonso atadzaza. Mwachangu anasunga yodulidwayo pamwamba pa yoyamba ija, yoyambayo n'kufufutika. Chimenechi ndi chinthu choyamba chimene amawaletsa kusukulu kwawo, ndipo anadziwa nthawi yomweyo. Anadzitonthoza kuti wangotaya zii, ndipo zii si kanthu.

M'mawa mwake pensulo imene ankapotera makaseti inasowa. Anafunafuna pansi pa tebulo, m'makatoni, m'chikwama, osaipeza. Anadzaiona atafuna kumwa tiyi: inali chiimire m'kapu yake, yowongoka, yosatsamira mbali iliyonse. Ataikhudza inagwa.

Tsiku lotsatira anapeza patebulo pali tinthu toyera tambirimbiri, tina tili pakati pa mabatani a laputopu. Anatola n'kununkhiza. Anali gaga wa chimanga, watsopano, wonyowa pang'ono.

"Makoswe amenewo," anatero bambo Ziyaya osayang'ana n'komwe.

"Makoswe amakonola chimanga, bambo?"

"A kuno ndi ophunzira. Adya mabuku ambiri."

Anaseka onse awiri, koma kuseka kwa Mwandida sikunafike pamtima. Chakumadzulo kwa tsiku lomwelo, dzuwa litapendeka, anamva kugunda. Poyamba anayesa kuti waiwala kuzimitsa kompyuta. Anavula mahedifoni, kugundako n'kumvekabe, kuchokera kuseri kwa khoma, kumene kunalibe nyumba koma mitengo ya paini yokhayokha. Gu, gu, gu, gu. Munsiwo unkagwa motsatizana, osapumira, ngati pali wina akuuthamangitsa. Pansi pa kugundako pankamveka munthu akupuma mwawefuwefu.

Anatuluka n'kuzungulira kuseri. Kunali zii, masamba a paini ali mbwee pansi, opanda phazi la munthu. Atabwerera m'kachipinda, kugunda kuja kunayambiranso.

"Bambo, mukumva?"

"Ndi mipope ya madzi imeneyo," anayankha bambo Ziyaya.

"M'nyumba muno mulibe mipope."

"Ndiye wina akuwaza nkhuni. Longedza tizipita, kwada."

Kunali kusanade. Kuyambira tsiku limenelo bambo Ziyaya ankasiya chitseko chotsegula ngakhale kuzizire chotani, ndipo ankasanja mabuku akung'ung'udza nyimbo za m'tchalitchi mokweza kuposa kale. Kugundako kunkabwera dzuwa likangopendeka, ndipo tsiku lililonse kupuma kuja kunkamveka kolemera kuposa dzulo lake. Mwandida anayamba kuchita mantha, koma china chimene chinkamuvutitsa kwambiri chinali chisoni. Aliyense amene ankasinjayo anali atatopa, ndipo palibe ankamulandira.

Madzulo ena akubwerera kumene ankagona, chifunga chitatsika m'phiri, anaona mzimayi atakhala pa kamlatho ka m'mbali mwa msewu. Anali woyembekezera, wopanda nsapato, nsalu atamangira pachifuwa mwa kavalidwe kakale. Mikono yake inali mbuu mpaka m'zigongono. Ankapuma movutikira.

"Mwaswera bwanji, amayi?" anatero Mwandida.

"Ndaswera, mwanawe, koma ndatopa. Mwandithamangitsa."

"Ine, amayi?"

"Malo a Eneresi mwawapititsa kuti?"

Mwandida anadzidzimuka. Mawuwo ankawadziwa. Anali atawamvetsera tsiku lonse m'mahedifoni.

"Abambo ojambula mawu aja anamupirikitsa mwana wanga," anapitiriza mayiyo mosakwiya, maso ali pansi. "Ine n'kumusiyira malo ake. Zaka zonsezi ndakhala ndikumusungira. Inu mwabwera, mwachotsa ndi malo omwe. Nanga akabwera aima pati?"

"Pepani amayi, sindinadziwe. Ndikonza. Ndiilizanso mawa lomwe."

"Mukandiyimbitsanso, musandiyimbitse ndekha."

Kumbuyo kunalira belu la njinga. Mwandida anacheuka kuti apatuke, ndipo wakabaza anaima n'kumuyang'ana modabwa.

"Asisi, mukuyankhula ndi ndani?"

Pa kamlatho panalibe munthu. Panangotsala gaga pang'ono pa simenti. Mpaka lero Mwandida akayesa kukumbuka nkhope ya mayiyo, imene imabwera ndi mikono yoyera ija basi.

M'mawa anafika ku laibulale maso ali psuu, n'kuwauza bambo Ziyaya zonse, ngakhale za kusunga pamwamba zija. Ankayembekeza kukalipiridwa. Iwo anangoti, "Tandipatsa ndimve." Anavala mahedifoni n'kumvetsera nyimbo yodulidwa ija, mizere ikuthamangitsana, munsi ukugwa osapumira. Asanafike pakati anawavula.

"Mwana wanga, nyimbo ya pamtondo sayimba munthu mmodzi. Ine ndinakulira pafupi ndi mtondo wa amayi anga ndi achemwali anga. Wina amatsogolera, wina n'kuvomera. Munsi wa uyu ukakwera, wa mnzake umatsika. Pamene unadulapo si kuti amaiwala ayi. Amadikira mnzawo."

Mwandida anagwira kumaso. Nyimbo yathunthu, ndi mipata yake, inali itatsala malo amodzi okha padziko lonse: pa tepi yosupuka ija, imene mwina ikanalira kamodzi kenanso, mwina ayi.

"Tiilize pompano," anatero bambo Ziyaya. "Muno muli makina abwino, mulibe fumbi. Ukajambula, ubweze zimene unawononga."

"Anati tisawayimbitse okha."

"Ndani anati?"

Bambo Ziyaya sanadikire yankho. Anayenda kupita pawindo, n'kubwerera, n'kupitanso.

"Kwa Sankhulani ndi kutali, msewu ndi wa mabampu. Tepiyi ikhoza kuthera m'njira. Eneresi wakoyo mwina anamwalira, mwina anakwatiwa ku Zambia. Ndipo lamulo ndinakuuza, palibe kaseti imatuluka muno. Komanso udziwe, ine zimenezi sindizikhulupirira."

Ankanena zonsezi akukulunga kaseti ija m'kampango kawo koyera. Anaiika m'thumba la mkati la jekete, n'kutenga chipewa.

"Nyamula kawailesi ka mabatire ako. Minibasi itisiya."

Anayenda pa minibasi, kenako pa kabaza, kenako wapansi, bambo Ziyaya dzanja lili pachifuwa njira yonse. Atafika kwa Sankhulani anafunsa amayi amene ankatunga madzi pa mjigo ngati kumeneko kuli munthu dzina lake Eneresi. 

"A Eneresi ake a malemu Nasibeko? Alipo. Nyumba yamalata iyo, ya mtengo wa mapeyala."

Anawapeza akuyanika nyemba pa mkeka, mayi wa imvi, wamfupi, wa mawu okhuthala. Anawayalira mphasa alendowo, malonje n'kuchitika. Mwandida anafotokoza mwaulemu kuti iye ndi wa sukulu, ndipo ali ndi mawu a mayi wina wa m'mudzimo amene anajambulidwa kalekale akusinja. Za pa kamlatho sanatchule.

A Eneresi anasisita bondo.

"Ndikukumbuka. Anabwera abambo ena a tayi, ndi chibokosi cholendewera paphewa. Ine ndinali kamtsikana, ndinali ndi chifuwa. Titangoyamba kuyimba ndinatsokomola, iwo amvekere, mwanayu achoke, akuwononga. Ndinakabisala kuseri kwa nkhokwe. Amayi ankayimba akundiyang'ana, pa malo anga aja n'kumangokhala chete. Atatha anati, usalire, tidzayimba tokha alendo akapita."

Kenako anapitiriza.

"Anali ndi pakati potopa. M'mawa mwake anawanyamula kupita kuchipatala. Sanabwereko, iwo ndi khanda lomwe. Nyimbo imeneyo anaipeka okha, ya ine ndi iwo. Chichokereni sindinaiyimbenso. Ndikanavomera ndani? Chithunzi chawo tilibe. Nkhope ndimaiona pa mchemwali wanga, koma mawu awo ndinaiwala, mwanawe. Zimenezo ndiye zimandipweteka."

Mwandida anawauza zoona: tepiyo yakalamba, ilira kamodzi kokha, ndipo ikhoza kuduka pena paliponse. Kenako anapempha chimene anabwerera.

"Amayi, ikamalira, mungavomere pa malo anu paja? Ine ndijambule nonse awiri."

"Nyimbo ya pamtondo ndiyimbe nditakhala pamphasa?" anatero a Eneresi, n'kudzuka.

Mtondo unali kuseri kwa khitchini, wovundikira, nkhuku zitausandutsa pokwera. Anautsuka, n'kuugubuduzira pabwalo. Anathiramo chimanga n'kuwaza timadzi, amvekere mtondo wopanda kanthu sausinja. Anabweretsa minsi iwiri. Umodzi anaugwira, winawo anautsamiritsa pa mtengo wa mapeyala, kumbuyo kwa alendo. Palibe anafunsa kuti wachiwiriwo ngwa ndani. Anthu oyandikana nawo anali atayamba kusonkhana, ndipo dzuwa linali litapendeka.

Mwandida anatchera maikolofoni. Bambo Ziyaya anamasula kampango, n'kuika kaseti m'kawailesi. Anatseka maso kanthawi, milomo ikugwedera, kenako anadina batani.

Poyamba munangomveka kusokosera. Kenako gu!

"Dzuwa lapendeka pa phiri."

A Eneresi anagwira pakamwa. Munsi unatsala pang'ono kuwapulumuka. Mpata wawo unafika, n'kudutsa wopanda kanthu.

"Nkhuku zatha gaga pabwalo."

Anatsegula pakamwa koma munangotuluka kulira. Mpata wachiwiri unadutsanso. Tepi inayamba kulira tswii, mawu akukokeka. Mwandida anaona tifumbi tofiira tikugwera pa kagalasi ka wailesi, ndipo anadziwa kuti nthawi yatha.

"Amayi, akudikira inu," ananong'ona.

"Munsi walemera m'manja mwanga."

A Eneresi anakweza munsi ndi manja onse awiri, n'kuutsitsa. Gu! Mawu awo anatuluka osasa, onjenjemera:

"Ndili pano, amayi, ndili pano."

Anakwanira ndendende pa mpatapo, osaperewera, osapitirira. Mzere wotsatira utabwera, anavomeranso, tsopano mwamphamvu. Munsi wa m'wailesi ukagwa, wawo unkakwera. Wawo ukagwa, wa m'wailesi unkadikira. Amayi ena achikulire anayamba kuwomba m'manja pang'onopang'ono, misozi ikutsika. Nyimbo imene Mwandida ankaiyesa ya munthu woiwalaiwala inali yokoma moti tsitsi linamuyimirira.

Kenako munamveka thapu! Mawilo a kaseti anazungulira opanda kanthu. Tepi inali itaduka.

Bambo Ziyaya anabuula. Koma a Eneresi sanasiye. Anatsitsa munsi, gu, n'kuukweza. Ndipo pamene munsi wawo unali m'mwamba, mumtondo munagwa wina. Gu!

Palibe anacheuka kuyang'ana pa mtengo wa mapeyala. Mwandida maso anali pa laputopu, bambo Ziyaya pa nsapato zawo, amayi aja pansi. Nkhuku zimene zinkatola gaga zinapatuka mbali imodzi ya mtondo, ngati zikupereka malo. Kenako mawu oonda aja anamveka, osati m'wailesi, koma pafupi, opuma bwino, osatopa. Anayimba mzere umene pa kaseti panalibe, Mwandida ndi mboni:

"Wakula, mwanawe, wakula."

A Eneresi anaseka akulira, n'kuvomera mokweza mpaka mawu anamveka ku mjigo:

"Ndili pano, amayi, ndili pano!"

Munsi unagwa komaliza, pabwalo n'kukhala bata. Atasuzumira mumtondo anapeza chimanga chonse chakonoka, mphale yoyera bwino, ntchito imene mayi wachikulire mmodzi sakanaimaliza pa nyimbo imodzi. A Eneresi anakhala pansi n'kutsamira mtondowo, nkhope ili ngwee.

"Ndiwo amenewo," anatero. "Ndiwo mawu awo. Tsopano sindiiwalanso."

Anaitana mdzukulu wawo wamkazi amene anali ndi mwana kumsana. "Iwe, mawa ubwere ndi munsi. Ndizitsogolera ine, iwe uzivomera."

Pobwerera, Mwandida anafunsa bambo Ziyaya ngati anamva mzere womaliza uja.

"Ine ndinamva tepi ikuduka, basi," anayankha. Kampango kawo kanali konyowa ndi misozi moti sakanakulungiramonso kanthu. "Koma polemba m'kaundula, usalembe kuti mayi wina. Ulembe Nasibeko, ndi mwana wawo Eneresi."

Ku laibulale kugunda kuja sikunamvekenso. Pensulo inakhala pamene yaikidwa, makoswe ophunzira aja anasiya kukonola, ndipo bambo Ziyaya anayambiranso kutseka chitseko kukazizira. Mwandida anasunga zimene anajambulazo malo angapo, china n'kuwatumizira a Eneresi pa foni ya mdzukulu wawo. Kafukufuku wake anatha bwino, ndipo mutu wake wautali kwambiri unali wonena za kubwezera mawu kwa eni ake asanathe.

Mukapita ku laibulale imeneyo n'kupempha, adzakumvetsetsani nyimboyo. Mudzamva mayi ndi mwana akusinja, mudzamva tepi ikuduka, mudzamvanso munsi wa a Eneresi ukugwa. Mzere womaliza uja maikolofoni sinaugwire. Pamalopo pali zii, wotalika ngati mzere umodzi wa nyimbo, kenako mayi wachikulire akuseka ndi kuvomera.

Mphunzitsi wina wa ku yunivesite atamvetsera anati kampata kameneko kakhoza kuchotsedwa kuti nyimbo ithe bwino. Mwandida anakokera laputopu pafupi ndi chifuwa chake.

"Ayi, abwana. Amenewo ndi malo a Nasibeko."